Akakweza msonkho wa mowa, fodya ndi zakumwa za shuga, wosauka wa mu Mzuzu amathawira kuti?

Boma likafuna ndalama mwamsanga, zinthu zoyamba kuzikumbukira zimakhala mowa ndi fodya. Si kuno kokha, pafupifupi dziko lililonse limatero. Palibe phungu amene angaime m'Nyumba ya Malamulo n'kumadandaula kuti ndudu yadula, ndipo nduna ya zachuma imakhala ndi mawu okoma onena, akuti tikuteteza umoyo wa anthu. Zaka zaposachedwapa mayiko ambiri awonjezerapo zakumwa zoziziritsa kukhosi zodzaza shuga, ena mpaka anayesapo zakudya zamafuta. Anthu amagawikana pa funso limodzi: kodi msonkho woterewu umachepetsadi matenda, kapena ndi njira yofinyira munthu wosauka kenako n'kumuuza kuti n'zothandiza iye yemwe?

Ine ndili kumbali ya amene amati msonkhowu ungathandize, koma osati pa chinthu chilichonse, ndiponso osati ukangoikidwa chiikireni. Tiyambe ndi dandaulo la otsutsa, chifukwa ndi loona ndipo siliyenera kuchepetsedwa.

Msonkho umene timadulidwa pamalipiro, wa PAYE uja, umakwera molingana ndi zimene munthu amalandira, ndipo wolandira zochepa kwambiri sadulidwa n'komwe. Msonkho wa pakatundu suona nkhope. Bungwe la MRA limautolera kufakitale kapena pachipata cholowera m'dziko, kampani imauphatikiza mumtengo, ndipo wogula pagolosale amaulipira osadziwa kuti walipira. Wa excise ndi umene umalunjika pa zinthu zosankhidwa monga mowa ndi fodya, kenako pamwamba pake pamabwera VAT. Tsono tiyerekeze anthu awiri. Wina ndi mnyamata wa kabaza wa ku Zolozolo, amapeza K150,000 pamwezi. Wina ndi bwana wa mu ofesi wokhala ku Chimaliro, amalandira K1,500,000. Onse amasuta ndudu zofanana kuchuluka, ndipo msonkho utakwera aliyense akuwonjezera K6,000 pamwezi. Bwana uja wataya matambala 40 pa K100 iliyonse imene amapeza. Wa kabaza wataya K4 pa K100 iliyonse, kutanthauza kuti mtolo wake walemera kakhumi. K6,000 ya bwana ndi ya mayunitsi a foni, pomwe ya wa kabaza ndi ya ufa, makala ndi sopo. Komanso kuno kwathu kusuta n'kofala kwambiri pakati pa amuna osauka ndi amene sanapite patali ndi sukulu, ndiye kuti msonkhowu umakapeza anthu omwewo amene alibe pogwira.

Masamuwa ndi olondola, koma akubisa chinthu chimodzi. Akuganiza kuti anthu awiriwa apitiriza kusuta monga kale. Sizikhala choncho. Mtengo ukakwera, bwana sasintha kanthu chifukwa sanamve kuwawa. Amene amachepetsa, kapena kusiyiratu, ndi wa kabaza uja. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti mtengo wa fodya ukakwera ndi 10 peresenti, kusuta kumatsika ndi pafupifupi 4 peresenti m'mayiko olemera ndi pafupifupi 5 peresenti m'mayiko osauka ndi apakatikati. Amene amagwedezeka msanga ndi achinyamata, amene ndalama yawo ndi yochepa ndipo chibaba sichinawagwire. Mwana wa Fomu 2 amene walephera kugula ndudu yake yoyamba salowa m'kaundula aliyense, koma ndiye phindu lalikulu la msonkhowu.

Pa zakumwa za shuga zaonekanso chimodzimodzi. Dziko la Mexico linaika msonkho wa peso imodzi pa lita mu January 2014. M'chaka choyambacho kugula kwa zakumwazi kunatsika ndi pafupifupi 6 peresenti, ndipo mabanja osauka ndi amene anachepetsa kwambiri, mpaka 17 peresenti pofika mu December. Ku South Africa msonkho wawo unayamba mu April 2018, ndipo ofufuza anapezanso kuti shuga amene mabanja ankagula kudzera m'zakumwazi anatsika kwambiri m'mabanja osauka kuposa olemera. Ndiye tikamati msonkhowu umapsinja osauka, tiyenera kufunsa kuti osauka ati. Amene wasiya salipira kalikonse, ndipo ndalama imene inkapita ku utsi imatsala m'thumba.

Palinso msonkho wina umene sulembedwa mu bajeti, ndiwo matenda. Kafukufuku amene unduna wa zaumoyo unachita ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu azaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ambiri a iwo osadziwa, ndipo oposa 5 pa 100 alionse anali ndi matenda a shuga. Mwa amuna, mmodzi mwa anayi ankasuta. Chipatala chachikulu cha Mzuzu chimalandira odwala otumizidwa kuchokera m'chigawo chonse cha kumpoto, ku Chitipa, ku Karonga, ku Likoma. Chithandizo m'zipatala za boma n'chaulere, inde, koma thiransipoti si yaulere, chakudya cha wodikirira matenda si chaulere, ndipo munda umene wasiyidwa osapalira sulipiridwa ndi aliyense. Bambo wa pabanja akagwidwa ndi sitiroko ali ndi zaka 48, wolemera amakhala ndi inshulansi ndi abale otha kusonkha. Wosauka amagulitsa njinga, ana amasiya sukulu. Matenda amapsinja wosauka kuposa mmene msonkho uliwonse ungachitire, ndipo aliyense wotsutsa msonkho m'dzina la osauka ayenera kuwerengeranso zimenezi.

Komabe sindifuna kuti tidumphe munthu mmodzi amene ochirikiza msonkho amakonda kumuiwala, amene sangathe kusiya. Ziwerengero zikamati kumwa kwatsika ndi 5 peresenti, sizitanthauza kuti aliyense wachepetsa pang'ono. Ena asiyiratu, ena achepetsa, ndipo ena akumwa monga kale koma pamtengo wokwera. M'nyumba ya munthu wachitatuyu, msonkho amaulipira ndi mayi ndi ana, chifukwa ndalama yowonjezerayo imachotsedwa pa ya ndiwo. Ku Scotland, kumene mu May 2018 anakhazikitsa mtengo wotsikitsitsa umene mowa sungagulitsidwe pansi pake, ofufuza anayerekeza kuti imfa zobwera mwachindunji chifukwa cha mowa zinachepa ndi pafupifupi 13 peresenti, makamaka m'madera osauka. Ofufuza a komweko anapezanso kuti ena mwa zidakwa zosauka anayamba kudzimana chakudya kuti mowa usasowe. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo zinachitika m'dziko limodzi pa lamulo limodzi.

Apa ndiye pali funso limene kwa ine limaposa onse. Munthu akathawa mtengo, amathawira kuti? Msonkho umagwira ntchito ngati kothawirako kuli kwabwino kuposa kumene wachokako. Wosiya Fanta n'kumamwa madzi wapindula. Wosiya mowa wa m'botolo n'kumamwa chinthu chosadziwika chimene wina watcheza kuseri kwa nyumba sanapindule, ndipo boma nalonso lataya ndalama.

Dziko la Denmark linaphunzira izi pa msonkho wa mafuta a m'zakudya monga batala ndi nyama, umene linauika mu October 2011. Anthu ena ankangowoloka malire kukagula ku Germany, makampani ankadandaula za kuvuta kwa kawerengedwe kake, ndipo pasanathe chaka ndi theka msonkhowo unachotsedwa. Kumeneko kothawira kunali sitolo ya dziko loyandikana nalo. Kwa ife kothawira n'kochuluka kuposa apo. Mu Mzuzu muno, kaya ndi ku Chibavi, ku Masasa kapena ku Mchengautuwa, simuyenda mtunda wautali musanapeze pogulitsa kachasu kapena masese. Mowa umenewu sudutsa pafakitale iliyonse, ndiye MRA siuona. Fodya wa chingambwe amagulitsidwa pamsika n'kupichiridwa m'kapepala, naye sadziwa excise. Kumpoto kwenikweni kulinso ngirimbo, fodya woika m'kamwa uja. Ndipo msewu wa M1 umatilumikiza ndi chipata cha Songwe, kumene katundu wa ku Tanzania amalowera. Wambiri amalowa mwalamulo, ndiye amene timamupeza mumsika wa Taifa, koma malire ndi aatali ndipo mtsinje wa Songwe suwolokedwa pa mlatho pokha. Mowa ndi ndudu zikadula kwambiri kuno kuposa kutsidya, wozembetsa wapatsidwa bizinesi.

Tinaziona kale ndi masacheti. Mu 2015 boma linaletsa mowa waukali wa m'timapepala tapulasitiki uja, umene unali wotchipa mwakuti ngakhale ana asukulu ankaugula. Chinali chiganizo chabwino, ndipo aliyense amene amakumbukira anyamata ataledzera m'mawa pa depoti sangachitsutse. Koma mowa wotchipa waukali sunathe, unangosamukira m'timabotolo ting'onoting'ono. Ndipo mu April 2024 ku Blantyre anthu angapo anamwalira atamwa mowa wosavomerezeka umene anthu anaupatsa dzina loti Ambuye n'tengeni. Anthu amene anamwa mowawo sanali ofuna kufa. Ankafuna kuledzera ndi ndalama imene anali nayo. Ndondomeko iliyonse yokweza mtengo wa mowa wovomerezeka popanda kuganizira kumene anthu oterewa adzapite ikusewera ndi moyo wawo.

Nkhani ya kuzembetsa iyenera kumvedwa mosamala, chifukwa makampani a fodya ndi mowa amaitulutsa nthawi iliyonse msonkho ukatchulidwa, ndipo amaikulitsa. Ku South Africa anakweza msonkho wa ndudu chaka ndi chaka kuyambira mu 1994, ndipo kwa zaka khumi kusuta kunatsika kwambiri pomwe ndalama zolowa m'boma zinkakwera. Ndudu zozembetsa zinadzachuluka pambuyo pake, bungwe lawo lotolera misonkho litafooka, ndipo zinafika poipa mu 2020 pamene boma linaletseratu kugulitsa fodya kwa miyezi pafupifupi isanu nthawi ya Covid-19. Kuchokera apo ofufuza akhala akuyerekeza kuti ndudu zoposa theka zogulitsidwa m'dzikomo sizilipira msonkho. Phunziro lake ndi lakuti chimene chimakulitsa malonda ozembetsa ndi kufooka kwa otolera ndi kuletseratu, osati kukwera kwa msonkho kokha. N'chifukwa chake masitampu a msonkho otchedwa Kalondola amene MRA inayamba kuika pa zakumwa ndi katundu wina mu 2024 ali mbali ya nkhani ya umoyo, ngakhale anabwera ngati nkhani ya ndalama. Popanda njira yodziwira botolo lolipira ndi losalipira, kukweza msonkho kumalanga wamalonda wachilungamo yekha.

Ndiye zambiri zimadalira mmene msonkhowo waumbidwira. Chitsanzo chimene chimandikopa kwambiri ndi cha ku Britain. Iwo analengeza msonkho wa zakumwa za shuga mu March 2016 koma unayamba kugwira ntchito mu April 2018, ndipo anauika m'magawo: chakumwa chokhala ndi shuga wosafika magalamu 5 pa 100ml sichilipira kanthu, cha magalamu 5 mpaka 8 chimalipira pang'ono, choposa 8 chimalipira kwambiri. Makampani ambiri anagwiritsa ntchito zaka ziwiri zimenezo kuchepetsa shuga m'zakumwa zawo kuti athawe msonkho. Wogula anapitiriza kugula botolo lomwelo, nthawi zambiri pamtengo womwewo, koma lili ndi shuga wochepa. Apa wothawa ndi kampani, ndipo yathawira kumene boma limafuna. Ku South Africa anatsata nzeru yofananayo, magalamu 4 oyamba pa 100ml ndi aulere ndipo galamu iliyonse yopitirira apo imalipira. Msonkho wotere umachotsa mbali yaikulu ya dandaulo la osauka, chifukwa cholinga chake si kuchotsa ndalama m'thumba la wogula.

Pa mowa nzeru yake ndi yomweyo: msonkho uzitsata ukali wa mowawo, osati mtengo wake. Msonkho wowerengera pamtengo umagwa kwambiri pa vinyo wodula amene amamwedwa ndi anthu ochepa, n'kusiya kabotolo kotchipa kaukali, kamene kakuwononga anyamata, kakulipira zochepa. Zimenezi n'zopotoka. Chibuku ndi mowa wochepa mphamvu poyerekeza ndi timabotolo timene ukali wake umafika 40 peresenti, ndipo ngati munthu ati amwebe, ndi bwino kuti chotchipa chimene angachipeze mwalamulo chikhale chofooka ndi choyezedwa. Ndikudziwa kuti abale anga a m'mipingo sangakondwe ndi mawu amenewa, chifukwa kwa iwo mowa ndi mowa. Ndimalemekeza maganizo amenewo. Koma chiwindi chimasiyanitsa, ndipo lamulo la msonkho limalembedwera anthu onse, omwa ndi osamwa omwe. Chinanso, msonkho wolembedwa m'makwacha enieni pa lita kapena pa ndudu umafooka wokha ndalama ikagwa mphamvu. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023, ndiye msonkho wotere ukapanda kukonzedwa chaka ndi chaka umatsala dzina lokha.

Pa shuga ndiye ndimayenda mosamala kwambiri. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 a shuga wothira patsiku, ndipo botolo limodzi la 300ml la zakumwa zina limakhala ndi oposa 30. Kuti zakumwazi zimanenepetsa ndi kuwononga mano sizokayikitsa. Koma umboni woti msonkho wachepetsadi matenda ukadali wochepa poyerekeza ndi wa fodya, chifukwa misonkhoyi ndi yatsopano ndipo matenda a shuga amatenga zaka kuti aoneke. Ku England ofufuza anaona kunenepa kwambiri kukutsika mwa atsikana azaka 10 ndi 11, koma mwa anyamata amsinkhu womwewo sanaone kusintha. Ndiponso moyo wathu ndi wosiyana ndi wa ku Mexico, kumene zakumwazi zimamwedwa tsiku lililonse. M'nyumba zambiri za mu Mzuzu Fanta ndi ya alendo, ya Khirisimasi, ya wodwala. Shuga wathu wambiri amalowa ndi supuni, mu tiyi wa m'mawa nyengo yozizira ya mu June, m'phala la mwana, mu thobwa. Wina angati tsono tiike msonkho pa shuga weniweniyo. Apo ndimakana. Shuga wa m'paketi kuno amathiridwa vitamini A mwalamulo, ndipo dziko lino ndi limene kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ali opinimbira. Kwa mayi wogulitsa masamba ku Zigwagwa, tiyi wa shuga ndi chigumu ndiye chakudya chimene chimamufikitsa masana. Iye alibe kothawira kwabwino, angothawira ku njala. Chimodzimodzi mafuta ophikira, amene boma linachita bwino kuwachotsera VAT mu 2022 pamodzi ndi madzi a m'mipope. Madziwo ndi ofunika pankhaniyi kuposa mmene amaonekera, pakuti ngati tikufuna kuti anthu asiye zakumwa za m'botolo, madzi a m'damu la Lunyangwa ayenera kufika pampopi ali abwino ndi otsika mtengo.

Pa ndudu za m'paketi sindikayika konse. Si chakudya, palibe mlingo wake wabwino, ndipo zimapha mpaka theka la amene amazisuta osasiya. Ena adzathawira ku chingambwe, n'zoona, koma mnyamata wa m'tauni amene amakopeka ndi paketi yowala sakopeka ndi fodya wa agogo wopichira m'nyuzipepala. Kuno kumpoto mawu akuti msonkho wa fodya amadzidzimutsa anthu, chifukwa ku okushoni ya Mzuzu ndi kumene alimi a ku Rumphi ndi ku Mzimba amagulitsira bale wawo, ndipo ndalama za fodya ndizo zimayendetsa masitolo a mumzinda uno miyezi ya msika. Koma zinthu ziwirizi n'zosiyana. Pafupifupi fodya yense amene mlimi amalima amatumizidwa kunja, ndipo mtengo wake pa okushoni umadalira ogula akunja ndi kuchuluka kwa fodya chaka chimenecho, osati ndudu zimene zagulidwa pa golosale ya ku Chiputula. Dziko la Malawi linalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta mu 2023, patapita zaka zambiri likukana poopa kupweteka alimi. Pangano limenelo limalimbikitsa kukweza msonkho wa ndudu komanso kuthandiza alimi kupeza mbewu zina, ndipo mlimi sataya kanthu mwana wake akalephera kugula ndudu.

Chatsala ndi ndalama zotoleredwazo. Dandaulo la wa kabaza uja silingathe ngati K6,000 yake ingolowa m'thumba lalikulu la boma lotchedwa Akaunti Nambala Wani n'kusowa m'menemo. Dziko la Philippines mu 2012 linakweza kwambiri msonkho wa fodya ndi mowa, n'kulemba m'lamulo momwemo kuti gawo lalikulu la ndalama zowonjezerazo lipite ku zaumoyo, makamaka kulipirira inshulansi ya chipatala ya mabanja osauka. Akatswiri ena a zachuma sakonda kumangirira ndalama chotere, amati zimamanga manja boma ndipo nduna ingathe kungochepetsa ndalama zina za unduna wa zaumoyo n'kubweza zinthu pomwe zinali. Chenjezo limenelo ndi lomveka. Komabe kwa ife, kumene anthu ali ndi zifukwa zokayikira kumene msonkho wawo umapita, kulemba poyera kuti ndalama za mowa ndi fodya chaka chino zinali zakuti ndipo zagula zakuti n'kumene kungachititse munthu wamba kuvomera.

Ndipo pali malo amene ndalamazo ziyenera kuyambira, kwa munthu uja amene sangathe kusiya yekha. Mu Mzuzu tili ndi mwayi woti a St John of God amathandiza anthu amene agwidwa ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, koma malo amodzi sangakwanire chigawo chonse. Munthu wa ku Nthalire kapena ku Usisya amene akufuna kusiya mowa ayenera kupeza womuthandiza pachipatala chaching'ono cha kwawo, ndipo wodwala BP ayenera kupeza makina oyezera ndi mankhwala mwezi uliwonse osauzidwa kuti akagule ku famase. Phungu wa dera lanu akadzabwera kudzafotokoza za bajeti, mufunseni kuti msonkho wa mowa ukuwerengedwa pa ukali kapena pa mtengo, ndiponso kuti mwa ndalama zimene MRA inatolera pa mowa ndi fodya chaka chatha, ndi zingati zimene zinafika ku chithandizo cha anthu ofuna kusiya.